Nambala Yanga Ili Kumsana kwa Amayi Maria

Doha, Lachisanu, 17 Malichi 2017

Okondedwa Ababa,

Ndiyambe ndi kuulula kuti kuyambira Lolemba tulo sitikubwera, ndipo si chifukwa cha kutentha, dzuwa la kuno silinayambe kulusa. Koma ndisanafike kumeneko, mwadzuka bwanji? Bondo lija likutani? Amayi akumwa mankhwala awo a BP kapena akuwabisanso m'kapu ya pa shelefu? Ine kuthupi ndili bwino, Mulungu akusunga.

Tiwonge, iwe amene ukuwerenga kalatayi pa foni, uwawerengere Ababa kukhutu lakumanja, pang'onopang'ono, ndipo usadumphe mizere monga unachitira pa Khirisimasi.

Kampani yandichotsa ku hotela ya ku Bin Mahmoud ija. Tsopano ndikukolopa nyumba ina ku Fereej Al Murra, ya bwana wolemera amene nkhope yake sindinaionepo. M'nyumbamo simugona munthu. Ndi myuziyamu yakeyake: malupanga, makapeti, mabuku akale, zonse m'magalasi, ndipo alendo ake amabwera kudzaona akatha kumwa khofi.

Lolemba kunafika bokosi lamatabwa. A Cassim, kapitawo wathu, anatiitana kuti tisese utuchi, akutifulumizitsa, "yalla, yalla." Anthu atachotsa nsalu yomaliza ndinaona Amayi Maria. Amwala woyera uja amati mabo, kutalika kufika m'chiuno mwanga, Mwana ali kudzanja lamanzere, mutu utapendekera pang'ono ngati akumvetsera munthu wonong'ona. Chala chachikulu cha phazi lakumanja n'chachikasu, chosalala ngati sopo wakutha.

Ababa, tsache linandigwa m'manja.

Kakhadi kamene awaikira patsogolo ndakawerenga kasanu. Akuti anawasema ndi mmisiri wamkulu wa ku Italy zaka mazana anayi zapitazo, akuti ankakhala m'nyumba ya masisitere ku Ulaya, kenako banja lina la komweko linawasunga kuyambira 1950 osawatulutsa pakhomo. Osawatulutsa pakhomo! Nanga ine amene ndinabadwa 1988 ndinabatizidwa pamaso pa ndani? Agogo aamuna aja ankati phewa lawo linatupa mlungu wathunthu atanyamula machira kuchokera ku siteshoni ya sitima mpaka pa mishoni, ankanyamula ndani?

Gladys, Mzambiya wa ku Chipata amene ndimagona naye chipinda chimodzi ku Rawdat Al Khail, akundiseka. Akuti, "Iwe Walije, ba Maria ni bambili, bazungu benze kupanga monga mabanzi." Mwina akunena zoona. Mwina ndi maso a munthu wosowa kwawo. Koma chala chija, Ababa.

Ndatumiza kangachepe kwa Tiwonge. Mankhwala a Amayi ayambe, zotsalazo mugule matumba okololera mitengo isanakwere.

Pali china chimene cholembera chikufuna kulemba koma dzanja likukana. Tsiku lina.

Mwana wanu,
Walije


Doha, 21 Epulo 2017

Okondedwa Ababa,

Khristu wauka. Ndikhulupirira Pasaka mwadya bwino ndipo chifuwa cha Amayi chaleka. Ine ndili bwino, kupatula zala zimene zikusupuka ndi mankhwala okolopera.

Yankho lanu ndalandira, mawu awiri okha: "Zinapita, zisiye." Koma Tiwonge wandiuza zimene inu simunanene, kuti Misa ya Pasaka mwamvera panja, pazenera, mutakhala pa njerwa ija. Zinapita bwanji, Ababa? Zaka khumi ndi zinayi! Munali mkatekisiti zaka makumi awiri. Makiyi a tchalitchi anali awiri okha, anu ndi a Abambo Humphrey, ansembe a nthawi ija. Amayi Maria atasowa mu 2003, chitseko chili chosathyoledwa, palibe amene analimba mtima kuloza wansembe. Analoza inu. Anakulandani kiyi mpingo wonse ukuona, ndipo ana amene munawaphunzitsa katekisimu anayamba kukutchani Yudasi kumsika. Abambo Humphrey anamwalira, anaikidwa ndi makwaya anayi. Inu mukadali pa njerwa.

Kuno kuli Madamu Deborah, mzungu amene amasamala ndi kukonza zinthu za m'nyumbayi. Si munthu woipa, amandipatsa moni potchula dzina. Sabata yatha ankafotokozera alendo za chala chachikasu chija, ine ndikupukuta galasi chapafupi. Akuti ndi phula la makandulo ndi milomo ya masisitere amene ankapsompsona phazilo kwa zaka mazana atatu. Alendo onse mozizwa, "Mashallah." Ndinadziluma lilime mpaka kumva mchere. Masisitere ati? Amenewo ndi mafuta a nsatsi! Mayi aliyense woyembekezera kwathu ankabwera ndi mafuta pachala kudzapaka phazi limenelo kuti akachire bwino. Amayi anga anapaka kanayi, ndipo inu munkadandaula kuti nsalu ya paguwa ikuthimbirira.

Ine sindiloledwa kuwakhudza, ngakhale ndi magolovesi. Ndimangonena Tikuoneni Maria chamumtima ndikukolopa mozungulira. Lachiwiri ndinadziiwala n'kugwada. A Cassim anandiona pa kamera, anabwera akupukusa mutu. "Pano si tchalitchi, sisita. Ukufuna kupemphera, Lachisanu kutchalitchi cha ku Abu Hamour. Khalas, basi." Ndinadzuka n'kutola mopu. Pasipoti yanga ili m'kabati ya kampani, ndipo pakamwa pa munthu wa mopu pamatseguka pomwa madzi basi.

Chimene ndikufuna ndi kuona kumsana kwawo, m'munsi pa tsinde, koma awagunditsa kukhoma. Inu mukudziwa chimene ndikufuna kukaonako.

Chimanga musagulitse kwa mavenda a sikelo zonama aja, dikirani Okutobala. Ya mankhwala a anankafumbwe ndinatumiza kale, Tiwonge asaisandutse yunitsi.

Mwana wanu,
Walije


Doha, 16 Juni 2017

Okondedwa Ababa,

Moni nonse kumeneko. Kuzizira kwa Juni kukutani ndi bondo lanu? Valani juzi ija, sindinaigulire kuti izikongoletsa sutikesi. Ine ndili bwino.

Mwina mwamva pa wailesi kuti mayiko oyandikana ndi kuno atseka malire. Musade nkhawa, nkhondo kulibe. Masiku oyamba mashelefu a mkaka ndi nkhuku anali mbee, tsopano kwabwera mkaka wa ku Turkey wolembedwa mawu amene palibe akuwamva, ndipo tomato akufuna kufanana mtengo ndi nyama. Ndi Ramadani, choncho madzi timamwera mobisala kuchipinda cha mamopu.

Malire asanatsekedwe kunabwera katswiri wa ku Ulaya, nkhalamba ya tayi ngati gulugufe. Anawayang'ana Amayi Maria ndi kagalasi kwa maminiti makumi awiri, n'kupukusa mutu. Akuti makutu a Mwana si dzanja la mmisiri wamkulu uja, ndi la ophunzira ake. Tsiku lomwelo kakhadi kanasintha, ndipo mwa nyale zinayi zowaunikira ziwiri anazithimitsa. Maminiti makumi awiri! Ife tinawayang'ana zaka makumi asanu ndi awiri, tikulira, tikukwatira, tikuika maliro, koma sitinafunsidwepo za makutu.

Madamu Deborah sanagwirizane naye. Dzana anaitana amuna awiri kuti awatembenuze Amayi Maria, n'kunena, "Walije, tandigwirira nyale iyi."

Mukukumbuka chizolowezi chathu cha ana a Sitandade 8? Mayeso akayandikira, aliyense ankapezerapo mwayi Loweruka nthawi yokolopa m'tchalitchi n'kulemba nambala yake ya mayeso ndi pensulo kumsana kwa tsinde, pamene mwala uli wokhakhala, kuti Amayi Maria asasokoneze ana powapempherera. Inu munkatikalipira kuti Amayi Maria sachonga mayeso, koma simunafufutepo ngakhale nambala imodzi.

Manambala alipo, Ababa. Khumi ndi imodzi akuwerengeka bwinobwino. Yachitatu kuchokera pamwamba ndi 0612/047, seveni wake wodula pakati, kumapeto kamtanda. Dzanja langa la 2002.

Madamu anasangalala ngati wapeza mwana wotayika. "Ukuona? Awa ndi manambala a m'kaundula wa masisitere. Ndilembera ku Ulaya, akapezeka m'mabuku awo katswiri uja ameza tayi yake." Ine nyale ndinaitsitsa osadziwa. Anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndi njala, madamu.

Ndinanama. Ndinakhala chete, ndipo aka si koyamba kukhala chete pamaso pa Amayi Maria amenewa.

Ndipempherereni.

Walije


Doha, 4 Ogasiti 2017

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Ine kuthupi ndili bwino. Tiwonge, kalata iyi uwerenge muli awiri, Amayi akapita kudimba. Ukafuna kulira ulire ukamaliza.

Lero ndapita kokalapa ku Abu Hamour, kutchalitchi chathu chopanda belu chija. Wansembe wake ndi Mmwenye wachikulire. Atandimva anati, "Mulungu wamva, koma amene unamulakwira sanamve. Pita ukamuuze." Ndiye ndabwera.

Febuluwale wa 2003, mukukumbuka ndinabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi, Fomu 1 nditangoilawa masabata atatu. Lachitatu lija mudzi wonse unali kumaliro kutsidya kwa mtsinje, inu mukutsogolera mapemphero. Munandituma masana kuti ndikatenge mabuku a nyimbo amene anatsala pakhonde la tchalitchi. Nditafika ndinapeza galimoto yapikapu itaima pakhomo, chitseko cha tchalitchi chili chotsegula. Abambo Humphrey, dalaivala ndi mzungu wina wa kabudula anali akukulunga Amayi Maria m'bulangete, n'kuwagoneka pa matiresi. Phazi lija linkaonekera kunja.

Abambo anandiona. Sanadzidzimuke n'komwe. Anati, "Walije mwana wanga, Amayi akupita kukatsukidwa kutauni, tikufuna tidzadabwitse mpingo pa Pasaka. Usauze munthu, ngakhale abambo ako." Kenako anandifunsa chifukwa chake sindinali kusukulu.

Lamulungu lake anaima paguwa n'kulengeza kuti Amayi Maria abedwa. Ine ndinali mu kwaya, mzere wachiwiri. Sabata yotsatira anandiitana n'kundiuza kuti kwapezeka wachifundo wina ku Ulaya wondilipirira mpaka Fomu 4. Tsiku limene ankakulandani kiyi, ine ndinali nditavala yunifomu yatsopano.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, koma sindibisala kumbuyo kwa zaka. Ndinkadziwa. Ndinadziuza kuti ndidzanena ndikamaliza Fomu 2, kenako ndikamaliza Fomu 4, kenako ansembewo anamwalira ndipo ndinati ndani angakhulupirire mtsikana wonenera maliro. Chingerezi chimene ndikuwerengera makhadi abodza a kuno ndinachigula ndi dzina lanu. Yudasi wa pa mishoni paja amadya nanu mbale imodzi, Ababa, ndipo munkamusiyira ndiwo.

Ndimakwiya ndi katswiri, ndimakwiya ndi a Cassim, ndimakwiya ndi amene analemba za banja la 1950. Koma iwo akunama za mwala umene sakuudziwa. Ine ndinanama za bambo wondibala.

Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ndikungopempha mundiuze kuti mwamva.

Walije


Doha, 8 Sepitembala 2017

Ababa,

Muli moyo? Tiwonge akuti muli bwino, mukudya, mukupita kudimba, koma za kalata ija simunatsegule pakamwa. Masabata asanu. Chabwino, ndi ufulu wanu. Ine mutu ukumandiwawa masana koma ndikugwira ntchito.

Lero ndi tsiku lokumbukira kubadwa kwa Amayi Maria, ndipo mphatso imene awapatsa kuno imveni. Mayankho a ku Ulaya anabwera: manambala aja mulibe m'buku la masisitere alionse. Katswiri wina anayeza mwala n'kunena kuti ndi wa m'ma 1800 kumapeto, wosema wake sakudziwika, akuti ankasemedwa ambirimbiri otumiza ku mamishoni. Gladys akuti, "Nenze nakuuza, mabanzi." Kakhadi kachitatu sanavutike n'kukasindikiza. Bwana wamkulu wakwiya kuti anamugulitsa chongotsanzira, walamula kuti abwezedwe kwa wogulitsa. Awatsitsira ku sitolo ya pansi, pakati pa mipando yothyoka, nkhope kukhoma. Mu Malichi anthu ankavula magalasi powayang'ana. Tsopano wina wawaika botolo la madzi pamutu. Asintha chiyani Amayi Maria? Mwala ndi womwewo, Mwana ndi yemweyo. Chasintha ndi dzina la mwamuna wakufa amene sanawapempherepo.

Botolo lija ndi limene linanditsegula pakamwa. Ndinalichotsa, ndinapita kwa Madamu Deborah mopu ili m'manja, n'kunena, "Madamu, manambala aja si a masisitere. Ndi a mayeso a Sitandade 8. 047 ndine."

Anaseka kaye. Kenako anandiyang'ana, n'kutseka chitseko. Ndinawauza zonse, za mafuta a nsatsi, za machira, za pikapu, za inu. Nkhope yawo inafiira. Kenako anati, "Ndinalembera nyumba za masisitere zisanu ndi ziwiri, Walije, ndipo yankho limandigwirira nyale."

Akuti mawu anga okha sangalowe mufayilo. Pafunika pepala. Satifiketi ya nambala imeneyo ikaoneka, ndiye kuti Amayi Maria anali ku Malawi mu 2002, nkhani ya banja la 1950 ndi yabodza, ndipo iwo sangasayine kuti katundu wakuba abwerere mwakachetechete kwa wogulitsa. Wogulitsayo adzayenera kunena amene anamugulitsa. Koma anandichenjezanso kuti mabwana sakonda kuphunzitsidwa ndi wokolopa, kontirakiti yanga ikhoza kutha ndi foni imodzi. A Cassim amva kale. Anandipeza pa masitepe, akuti, "Sisita, iwe ntchito yako ndi pansi, osati m'mwamba. Uli ndi makolo odyetsa." Sananene mwankhanza. Ndi zoona, ndili nawo.

Satifiketi yanga ya Sitandade 8 inali mu sutikesi yanu yachitsulo, m'kati mwa buku la nyimbo lakale. Sindingatume Tiwonge kutsegula sutikesi yanu inu musanalole.

Walije


Doha, 22 Sepitembala 2017

Okondedwa Ababa,

Moni, ndipo zikomo Mulungu kuti bondo latsika. Amayi muwauze kuti nsapato zija ndinapeza saizi yawo. Ine ndili bwino, koma ndakwiya, ndipo ulendo uno ndakwiyira inu.

Mawu anu Tiwonge wanditumizira, ndawamvetsera mpaka foni kutha moto. "Umuuze Walije kuti ndinkadziwa. Anabwera kumaliro kuja wopanda mabuku a nyimbo, nkhope ngati phulusa, ndipo madzulo ndinaona matayala pakhomo la tchalitchi. Yunifomu itabwera ndinamvetsa zonse. Ndinati mwana aphunzire, njerwa siluma."

Njerwa siluma! Ababa, ndani anakupemphani? Zaka khumi ndi zinayi ine ndikulephera kukuyang'anani m'maso, ndinathawira mpaka kuchipululu kuno kuti ndisamaone njerwa imeneyo, inu mukudziwa, n'kumandisiyirabe ndiwo! Munandiphunzitsa lamulo lachisanu ndi chitatu ndi pakamwa panu, usachite umboni wonama, kenako tonse awiri tinaugwirizira bodza la munthu wina ngati denga logwa, wina uku wina uku, osauzana. Ndalira, ndaseka, Gladys mpaka anafuna kuitana ambulansi. Ndikukuthokozani, ndipo sindidzatha kukuthokozani. Koma mwana uja anaphunzira, Ababa. Anamaliza. Palibenso fizi imene mukuteteza.

Mwatinso ndisataye ntchito chifukwa cha mwala. Si chifukwa cha mwala. Akandibweza ndibwera, manja ndili nawo, dimba lilipo. Mwina Amayi Maria sadzabwerera kwathu, zimenezo ndi za maloya ndi mabishopu, Madamu sanandilonjeze kanthu. Chimene ndikufuna ine ndi choti inu mulowe m'tchalitchi.

Tsono imvani, nthawi yatha. Bokosi lija alikhoma Lachinayi pa 28, ndege yake ndi Loweruka. Madamu akuti pepala likafika Lachitatu dzuwa lisanalowe, sasayina.

Tsegulani sutikesi lero. Tiwonge ajambule satifiketi pa kuwala, nambala ioneke, chala chake chisaphimbe ngodya monga amachitira.

Patsamba lachiwiri ndakopera manambala onse khumi ndi imodzi. Madamu akuti satifiketi imodzi wina anganene kuti zangochitika, koma zitatu kapena zinayi palibe angatsutse. 051 ndikumudziwa, ndi Dauda wa a Shaibu a butchala, amene analemba yake atatilumbiritsa kuti tisakanene kumzikiti. 033 ndikuganiza ndi Flora amene ali namwino tsopano. Enawo sindikuwadziwa, ndi a zaka za m'mbuyo. Inu munkawadziwa onse, munkangoyang'ana kumbali.

Mkuja ndi Lamulungu. Pitani kwa ansembe atsopanowa mawa, muwaonetse kalata yanga ya mu Ogasiti. Ndikuloleza, ndipo ndikupempha, kuti iwerengedwe yonse nthawi ya zolengeza, dzina langa lisadumphidwe. Amene akufuna kunditcha Yudasi anditche, dzinalo lakhala nthawi yaitali pa munthu wolakwika. Ikatha kuwerengedwa, manambalawo musapatse wina. Muwerenge inu, ndi mawu aja munkawerengera mayina a obatizidwa, ndipo aliyense womva nambala yake akafufuze satifiketi kunyumba. Pazenera sadzakumvani, Ababa. Muyenera kukaima kutsogolo.

Dzulo ndinatsikira ku sitolo kuja ndi kabotolo ka mafuta ophikira, a nsatsi kuno kulibe. Ndinapaka phazi lija ndi chala changa, wopanda golovesi. Kamera inaona. Ione.

Ndiyankheni pofika Lachitatu, chithunzi ndi mawu amodzi okha: munalowa kapena ayi.

Mwana wanu,
Walije
0612/047